A Lorenso Kambalame ndi Chitseko cha Wamasiye

A Lorenso Kambalame anamwalira kumayambiriro kwa dzinja lapitali, ndipo tinawaika m'manda a kuseri kwa phiri, kumtunda kwa Zóbuè. Funso limene nkhani ino ikufuna kuyankha ndi ili: zinatheka bwanji kuti munthu amene anakumbira manda pafupifupi banja lililonse la dera lathu afe akutchedwa wachigololo, ali wodulidwa mumpingo, ndipo wolakwa anali ndani? Pamaliro pawo panalankhula anthu asanu. Onse anayamikira mphamvu za manja awo, koma palibe amene anatchula mlanduwo. Chifukwa chake ndiutchula ine.

Anabwerera kuchokera kumisasa ya othawa nkhondo ku Malawi mtendere utangoyamba, ali ndi akazi awo a Nasibeko, nyundo imodzi ndi sizasi yodulira malata. Kumsasako anaphunzira kukhoma zidebe ndi mbaula, ndipo ntchitoyo ankaigwirira m'mbali mwa msewu, pafupi ndi malire, pamene makamyau, magalimoto akuluakulu onyamula katundu, amandandalika kudikira mapepala. Koma chimene ankadziwika nacho ndi udzukulu. Ndiwo ankasambitsa mitembo ya amuna, kuyeza manda ndi bango, ndi kulowa m'dzenje kukalandira bokosi. Anzathu olankhula Chinyungwe amati munthu wotere ndi sabwira, ndipo mwambo wa iwo ndi wathu umagwirizana pa mfundo imodzi: mdzukulu satukwanidwa, samenyedwa, sapirikitsidwa. Ali ndi ufulu wonyoza ofedwa pamaso pawo, ndiponso wolanda nkhuku, mphika kapena mpando wa pamaliro, mpaka eni ake atawombola ndi kanthu kochepa.

Ufulu umenewu adzukulu ambiri amaugwiritsa ntchito pofuna nyama ndi mowa. A Lorenso anaugwiritsa ntchito ina. Zaka zimene Sida, yomwe a ku Malawi amati Edzi, inalowa m'midzi yathu, palibe amene ankaitchula dzina. Tinkati munthu wafa ndi chifuwa, ndi tsempho, ndi kaduka ka amalume ake. Iwo ankaima pamtumbira, khasu lili paphewa, n'kuuza anyamata kuti manda otsatira awayeza kale, ndipo msinkhu wake ndi wa mmodzi wa iwo amene amagona kumabala a mowa a pamalire. Anthu ankaseka, popeza mdzukulu amasekedwa. Ena ankaseka atawerama.

Ankavala timatumba ta pulasitiki m'manja posambitsa mtembo, n'kumanga pamkono ndi luzi. Amayi ena anawakalipira kuti akunyansidwa ndi mwana wawo. Yankho lawo linali lakuti akadakhala onyansidwa sakadabwera, ndipo akufuna kukhala moyo kuti adzasambitsenso amuna a mayiwo. Koma kwa odwala amoyo ankachita zosiyana. Masiku amenewo wodwala ankapatulidwira mbale yake, chikho chake, ndi kanyumba kake kuseri. A Lorenso akafika pakhomo lotere ankapita molunjika kuserikoko, kukhala pamphasa ya wodwalayo, kupisa dzanja m'mbale yake, n'kuyamba kudandaula mokweza kuti ndiwo zilibe mchere ndipo pakhomopo palibe wodziwa kuphika. Wodwala ankaseka, n'kudya nawo. Abale ankasuzumira, ndipo patapita masiku mbale yopatula ija inkabwerera pakati pa zinzake. A Lorenso ankanena kuti kachilomboka kamapha pang'onopang'ono, koma kudya wekha kumapha msanga.

Pamene bungwe lina linabwera kudzaphunzitsa alangizi a m'midzi ku Moatize, a Lorenso anakwera shapa, minibasi ya kwathu kuno, ndi ndalama zawo kukalembetsa. Anawabweza pakhomo chifukwa sankatha kuwerenga Chipwitikizi. Ine anandilandira, popeza ndinali purofesoro, ndiye kuti mphunzitsi wa sukulu, wokhala ndi diploma, ndipo ndinabwerako ndi malaya olembedwa uthenga, njinga ndi buku lalikulu. Atandiona ndikudutsa pamalo awo okhomera zidebe anandiimitsa.

"A Purofesoro, tabwerani. M'bukumo alembamo kuti munthu wotsegula m'mimba mwezi wathunthu mumamutembenuza bwanji osamusupula khungu?"

Ndinati zimenezo n'za anamwino.

"Nanga alembamo kuti mwamuna akakana kondomu, mkazi anene chiyani kuti asamenyedwe?"

Ndinati alembamo kuti banja liyenera kukambirana momasuka.

"Momasuka!" Anaseka mpaka nyundo inagwa. "Pitani, bwana, njinga ingazizire."

Ndinakwiya nawo miyezi ingapo. Lero ndimaona kuti mafunso awiri amenewo anali maphunziro onse amene ndinkasowa, ndipo anthu amene anawabweza pakhomo paja anabweza mphunzitsi n'kulandira ophunzira.

Makondomu ankawasunga m'chipewa. Ankawapereka kwa oyendetsa makamyau pamodzi ndi mbaula, ngati basera, ndiponso kwa atsikana ogulitsa mbatata yokazinga, mosayang'ana kumaso. Mkulu wina wa mpingo wathu anawafunsa ngati sakuona kuti akulimbikitsa uchimo. Iwo anati mkuluyo alalikire za moyo wosatha, iwo asamala za msana wawo, popeza nthaka ya m'chilimwe ndi youma ndipo atopa kukumba manda a ana amene anawaona akubadwa. Mkanganowo unatha popanda chilango, koma akulu ampingo sanauiwale, ndipo mlandu wa chitseko utabwera unapeza mitima yokonzeka kale.

Mlanduwo unayamba motere. Mnyamata wina, Abiliyo, wochokera ku Kambulatsitsi, anakwatira mtsikana wa kwathu, Felizarda, n'kumanga nyumba pafupi ndi msika. Abale ake anapereka chuma cha ukwati monga mwa mwambo wa kwawo, motero anali ndi mawu pa mkaziyo ndi pa ana ake awiri. Abiliyo anagundidwa ndi kamyau ali panjinga, atanyamula matumba a mbatata, ndipo anafera pomwepo ali wonenepa ndi wamphamvu. A Lorenso ndiwo anasambitsa ndi kuika thupi lake.

Tsiku lometa litafika, amalume a malemuyo, a Jairosi, analengeza kuti mwambo wa kupita kufa uchitike. Mwambowu umati wamasiye agone ndi mbale wa mwamuna wake m'nyumba ya malemu, pamphasa yake, kuti imfa ichoke m'thupi mwake. Popanda kutero sathira mchere m'ndiwo, sagwira ana a eni, ndipo amati ana ake omwe amatupa n'kufa. Wosankhidwa anali Domingo, mng'ono wa Abiliyo, amene ankagwira ntchito yopakira malasha ku Moatize. Panali ena amene anali atamva za Sida pa wailesi, ndipo mmodzi anafunsa mwaulemu ngati palibe choopsa. A Jairosi anayankha kuti mwana wawo wafa ndi kamyau, osati ndi matenda a masiku ano, ndipo aliyense anaona thupi lake. Anthu onse anavomereza. Inenso ndinalipo, ndinali nditavala malaya olembedwa uthenga aja, ndipo ndinagwedeza mutu.

Apa m'pamene panali kulakwa kwathu tonse, ndipo ndikufuna kuti kumveke bwino. Tinazolowera kufunafuna matendawa mwa wakufa. Wakufa akakhala woonda, tinkaopa wamasiye. Akakhala wonenepa, tinkati zonse zili bwino. Palibe amene anaganiza zoyang'ana wamoyo amene akudzalowa m'nyumbamo. Koma chaka chimodzi m'mbuyomo a Lorenso anali ataitanidwa ku Kambulatsitsi kukathandiza maliro a mkazi wa Domingo, ndipo patapita miyezi itatu anaitanidwanso kukaika khanda lake. Amayi amene anasambitsa mkaziyo anali a Nasibeko. Iwo ndi amuna awo anaona zimene anaona, ndipo anali ataziona kale pa mitembo yambiri. Koma lamulo lalikulu la udzukulu ndi lakuti chimene waona pathupi la wakufa umalowa nacho m'manda ako.

Dzuwa lili pamutu, anthu akudya, a Lorenso anapita panyumba ya Felizarda ndi nyundo yawo. Anazula chitseko pamahinje, anapinda mphasa ya kuchipinda, n'kusenza zonse pamutu. Anadutsa nazo pakati pa msika, ana akuwatsatira, amalonda akuwomba m'manja. Aliyense anati n'zachidzukulu. A Jairosi anaseka, n'kutumiza nkhuku yowombolera. Nkhuku inabwezedwa. Anatumiza mbuzi. Mbuzi inabwezedwa. Pamene a Jairosi anapita okha panyumbapo atatenga chiguduli choti atchinge pakhomo, anapeza a Lorenso atakhala pakhomo penipeni, miyendo atatambasula, akukhoma chidebe.

"Sabwira, masewera atha. Nenani mtengo wanu."

"Ndilibe mtengo, mfiti iwe. Pano ndapakonda, pali mphepo yabwino."

"Mukudziwa chimene chiyenera kuchitika m'nyumba muno."

"Chichitike. Ine ndiyang'ana kumbali. Kapena mwana wanuyo ndi wamanyazi?"

"Mukufuna ana awa afe?"

"Ana awa akafa, wowaika ndine. Ndiye musandiphunzitse za kufa."

Anakhala pakhomopo masiku asanu. A Nasibeko ankawabweretsera chakudya ndi madzi. Kuwagwira kunali kosatheka, chifukwa banja limene lapirikitsa mdzukulu limadzanyamula lokha maliro ake. Wokwiya kwambiri anali Felizarda mwini. Sankamufuna Domingo, koma ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti ana ake ali pangozi. Tsiku lachitatu anaima pamaso pawo akulira.

"Agogo, ndinakulakwirani chiyani? Mwana wanga wamng'ono wayamba kutsokomola. Akafa, mudzandiyankha chiyani?"

"Mwanayo ali ndi chimfine, mayi. Mupatse madzi otentha."

"Chokani pakhomo panga!"

"Sindichoka."

Felizarda anawalavulira malovu pamalaya. Iwo anapukuta ndi chipewa, n'kupitiriza kukhoma.

Tsiku lachisanu Domingo anayenera kubwerera kuntchito, apo ayi akanachotsedwa. Abale anagonja, n'kuitana mayi wina wodziwa zitsamba amene anasambitsa wamasiye ndi ana ake ndi mankhwala, monga zimachitikira ngati malemu alibe mbale wamwamuna. Njira imeneyi inalipo kuyambira kale, ndipo aliyense ankaidziwa. Tsiku lomwelo a Lorenso anabweza chitseko n'kuchikhomera okha, osalandira ngakhale dzira.

Anthu safuna chinthu chopanda chifukwa, ndipo chifukwa chikabisidwa amapeka chawo. Mwamuna wamkulu wagona masiku asanu pakhomo la wamasiye wachitsikana, wakana mbuzi, wathamangitsa mlamu: tanthauzo lake n'lotani? Mawu anayambira pachitsime, anafika kumsika, kenako kubwalo la akulu ampingo. Mlembi wa bwalolo ndinali ine. Tinawaitana Loweruka m'mawa, ndipo wapampando anawafunsa katatu chifukwa chimene anachitira zimenezo.

"Ndine mdzukulu," anatero. "Ndinalanda chitseko."

"Mdzukulu amalandira chowombolera. Inu munakana. Munkafuna chiyani kwa mayiyu?"

"Mufunseni ngati ndinamukhudza."

"Tikufunsa inu. Chifukwa chake n'chiyani?"

"Chilipo, koma si changa."

Ndinawadandaulira kuti anene, popeza mawu amodzi okha akanawapulumutsa. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "A Purofesoro, lembani zimene akuuzani. Inu dzanja lanu ndi labwino." Ndinalemba. Chigamulo chinati a Lorenso Kambalame adulidwa ku mgonero chifukwa cha khalidwe lokayikitsa ndi mkazi wamasiye ndiponso kuuma mutu pamaso pa akulu, kufikira atalapa. Sanalape, chifukwa panalibe choti alape. Taonani kupusa kwake: mpingo wathu unkalalikira motsutsa mwambo wa kupita kufa kuti ndi wachikunja, koma munthu mmodzi yekha amene anauletsa ndi thupi lake ndiye tinamudula.

Zotsatira zake zinabwera pang'onopang'ono. Mabanja a mumpingo anasiya kuwaitana kumaliro, n'kumaitana anyamata amene ankakumba ataledzera. Amuna analetsa akazi awo kukagula zidebe kwa iwo. Odwala ena amene ankawayendera anatsekeredwa zitseko, chifukwa panalibe mwamuna wofuna kuti "nkhalamba ya pakhomo la Felizarda" ilowe kuseri kwa nyumba yake. Ndikudziwa mtsikana mmodzi wa m'kalasi mwanga amene anafa ali yekha m'kanyumba kosungira fodya, mbale yake ili panja. Sindinganene kuti a Lorenso akanamuchiritsa, popeza mankhwala anali asanafike. Koma akanafa wina atamugwira dzanja. Lamlungu lililonse a Lorenso ankabwerabe kutchalitchi, kukhala pabenchi yomalizira, ndipo mbale ya mgonero ikamadutsa ankapinda manja pachifuwa. A Nasibeko anamwalira dzina la amuna awo lili lodetsedwa, nawonso osanena kanthu.

Chimene sitinkadziwa ndi chakuti patangopita milungu iwiri chichitikire za chitsekozo, a Lorenso anakwera shapa kupita ku Moatize kukafuna Domingo. Anamupeza pamalo opakira malasha, ali wakuda bii ndi fumbi. Domingo anatola fosholo kuti awamenye. Iwo anamuuza kuti amenye msanga, chifukwa akufuna akambirane za mkazi wake ndi khanda lake. Anakhala naye pansi pa mtengo mpaka mnyamatayo analira. Panapita miyezi yambiri, ndi maulendo ambiri, asanavomere kukayezetsa magazi. Atamupeza nako kachilombo anafuna kudzimangirira, ndipo a Lorenso anamuuza kuti munthu wodzipha samukumbira manda abwino, amuika chogona chammbali ngati thumba la chimanga, ndiye aganize bwino. Domingo akuti anaseka koyamba tsiku limenelo. Pamene mankhwala otalikitsa moyo anafika, achipatala ankafuna kuti wodwala aliyense abwere ndi munthu womuperekeza, womukumbutsa kumwa. Domingo analibe amene akanamuuza. Dzina limene linalembedwa pa khadi lake linali la a Lorenso.

Zonsezi ndinazimva kwa Domingo mwini, tsiku lachiwiri la maliro a a Lorenso. Anandikokera kuseri kwa nkhokwe, ali bambo wa imvi tsopano, wonenepa bwino.

"A Purofesoro, chitseko chija anachotsera ine. Ndikanamupha mlamu wanga."

"Ndiye zaka zonsezi unali kuti? Unkadziwa kuti anawadula!"

"Ndinkadziwa. Ndinawauza kangapo kuti ndikanene. Ankati, 'Ukadzakonzeka udzanena, usanene chifukwa cha ine.' Ndiye ine ndinkangoti chaka chamawa."

"Chaka chamawa chafika. Ali m'bokosi."

Ndinamulankhula mawu oipa amene sindingawalembe pano. Koma ndikayeza mlandu wake ndi wathu, wake ndi wopepuka. Domingo ankaopa kuchotsedwa ntchito, kusalidwa, kudyera m'mbale yopatula, ndipo mantha amenewo tinawapanga ndife. Ife tinalibe choopa chilichonse. Tinali ndi munthu amene tinamudziwa zaka zambiri, amene anasambitsa abambo athu, ndipo atatiuza kuti chifukwa chilipo koma si chake, tinasankha kukhulupirira za pachitsime. Ine ndinali nditaphunzitsidwa ku Moatize kuti chinsinsi cha wodwala n'chopatulika, ndinakhoza mayeso ake, koma nditachiona chikusungidwa pamaso panga sindinachizindikire.

Sindikunena kuti a Lorenso analibe zolakwa. Anali aliuma, pakamwa pawo panali poyabwa, ndipo ankakonda kupambana mkangano kusiyana ndi kuufotokoza. Akanatha kupita kwa a Jairosi mwamseri n'kupempha njira ya zitsamba ija popanda kutchula munthu, ngakhale ndikukayika ngati akanamvedwa. Akanatha kumuuza Felizarda mawu amodzi omutonthoza m'malo momusiya masiku asanu akuganiza kuti ana ake akufa. Koma nthawi imene anali nayo inali ya pakati pa nkhomaliro ndi kulowa kwa dzuwa, ndipo chida chimene mwambo unawapatsa chinali chimodzi.

Domingo anapita yekha kwa Felizarda maliro atatha. Mayiyu anakwatiwanso kalekale, anayezetsa pa mimba zake zonse zotsatira, ndipo alibe kachilombo. Atamva nkhaniyo anakhala pansi pabwalo. Kenako anafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati agogo aja anatchulapo za malovu aja. Domingo anati sanatchulepo.

Ndinapita kunyumba kwa a Lorenso mlungu wathawu. Denga la khitchini lagwa mbali imodzi. Pakhonde pali chitsa chimene ankakhomerapo malata madzulo, chonyezimira pamwamba, ndi timizere ta zidutswa za malata tochita dzimbiri m'dothi. Khasu la kumanda ndi zingwe zotsitsira bokosi zili pakona, palibe amene wazitenga, chifukwa wozitenga ndiye kuti wavomera ntchitoyo. Nyemba zimene anabzala mvula yoyamba zabereka, ndipo mbuzi za eni zikudya. Ndili pomwepo panafika mayi wina wochokera kutali, atanyamula khadi lachipatala m'kathumba. Anali asanamve. Anati tsiku lake lokatenga mankhwala ndi mawa, ndipo sadziwa kuti apita ndi yani.

Kuchokera tsiku la maliro ndakhala ndikufunsa mwakachetechete, ndipo ndapeza anthu khumi ndi anayi amene a Lorenso anawaperekeza kuchipatala ali odulidwa kale mumpingo. Asanu ndi anayi ali moyo. Amuna amene anakumba manda a a Lorenso anali asanu ndi mmodzi, ndipo anayi mwa iwo ndi a m'gulu limenelo.

Loweruka lapitali ndinapempha bwalo la akulu ampingo kuti chigamulo chija chifafanizidwe. Domingo anabwera kuchokera ku Moatize, anaima pakati pa akuluwo, n'kunena zonse ndi pakamwa pake, dzina la matenda ake lomwe, ndipo wandilola kuti ndizilembe. Felizarda anakhala pambali pake. Akulu anamvetsera, ena anapukuta misozi. Kenako wapampando anati wakufa saweruzidwa kawiri, ndiponso mlandu wa kuuma mutu pamaso pa akulu sunatsutsidwe ndi umboni uliwonse. Tinaimika manja. Ofuna kufafaniza tinali asanu. Okana anali asanu ndi awiri. Mmodzi anatuluka panja manja asanaimikidwe.